Makapasita Anayi a Temwa

Taonga, tsitsako kanyimbo ka pafoni yakoyo. Sindinati uzimitse, ungandikwiyile mpaka mawa, ndangoti tsitsako. Lusungu, sendeza lichelo pafupi, nshawazi sizidziswa zokha. Manja azigwila nchito, ine mungondibweleka makutu. Dzulo ndinamva mmodzi wa inu akuseka azakhali anu a Temwa kuti amanunkha waya wopselela ndiponso kuti nchito yawo ndi ya amuna. Sinditchula dzina, mwiniwake wawelama kale. Sindikukalipila mwana wanga, chifukwa nanenso ndinaganizapo chimodzimodzi, ndipo ndinali ndi imvi kale pamene ndinkaganiza zimenezo.

Inu munabadwa nyimbo zili m'thumba. Ife wailesi yoyamba kuiona kuno kwa Mwase inali ya aphunzitsi, chibokosi chathabwa, batile yake yaikulu kuposa njelwa. Tinkakhala panja pa nyumba yawo kumvetsela, ndipo wina akatsokomola tonse tinkamuyang'ana moipa. Yanga ndinagula nditagulitsa fodya wanga woyamba, nditakwatila kale agogo anu aNyaZimba. Ndinakaigula ku Chipata pa lole, ulendo wa tsiku lonse, kamba wanga mbatata yophika ndi chimanga chokazinga. Pobwela kunawaza mvula, ndiye ndinavula jekete n'kufunditsa wailesi, ine n'kumanjenjemela njila yonse. Masiku amenewo aliyense ankadziwa lamulo limodzi lokha, loti chinyezi chimapha wailesi. Lamulo limenelo ndinaligwila ndi manja awili.

Wailesi imeneyo ndi imene Temwa anaitsegula ndi mpeni ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Iye ndiye mwana wathu woyamba, mukudziwa, atate anu ndi otsatila. Ndinabwela kuchokela kumunda n'kupeza tizomangila tili ndondondo pamphasa, mwana atatuzula maso m'mimba mwa wailesi yanga. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Iye sanalile. Anandipempha kuti ndidikile pang'ono, anabwezela zonse m'malo mwake, ndipo wailesi inalankhula bwino kuposa kale, chifukwa anali atapeza kawaya kamene kanamasuka. Kumuthokoza sindinamuthokoze. Ndinangoinyamula n'kukaiika pamwamba pa kabati pamene sakanafikapo.

Ine ndinkafuna adzakhale namwino, azivala zoyela. Iye atamaliza sukulu anapita kwa achibale ku Chipata, n'kukaphunzila kukonza mawailesi kwa mdala wina wa pamsika. Atabwela anapeza kakona ku Boma, tebulo limodzi ndi mpando. Amuna akabwela ndi ma TV awo ankamufunsa kuti abwana apita kuti, iye n'kuwayankha kuti abwana ndi amene akulankhula nawo. Anthu ankaseka, ndipo ine ndinkachita manyazi. Ndikapita ku Boma kukagula feteleza ndinkazungulila njila ina kuti anzanga asandione ndikulowa pamenepo. Ndikunena poyela chifukwa ndi zimene zinachitika.

Tsopano za agogo anu. Taonga iwe unawaona pang'ono, enanu mumangowadziwa pachithunzi chili m'nyumbamo. Anali munthu wa nyimbo. Anatsogolela kwaya ya amayi a mpingo wathu zaka zambili, ndipo nyimbo zambili zimene amayi aja amaimba mpaka lelo anawaphunzitsa ndi iwo, atakhala pansi pa mtengo wa mango, akumenya chala pabondo. Kenako mtima unayamba kuwavuta, miyendo n'kutupa. Tinayenda nawo kuchipatala kangapo, pomaliza anatipatsa mapilitsi n'kutiuza kuti tiziwasamala kunyumba. Tchalitchi mukuchiona apo, kungodutsa munda wa a Gondwe wafika, koma kwa iwo chinasanduka kutali ngati ku Lusaka.

Mwamwayi mpingo unali utagula ampu, chija chimakuza mawu, pamodzi ndi kajeneleta ndi masipika awili amkamwa mwaukulu. Tinasonkha matumba a chimanga kuti tigule zimenezo. Poti ndinali mkulu wa mpingo ndipo nyumba yanga ili pafupi, anandipatsa udindo wosunga ampuyo. Ndinakwela mumtengo wa pa tchalitchi, pa msinkhu wanga umenewu, n'kutembenuza sipika imodzi kuti iyang'ane zenela la kuchipinda kwathu. Lamulungu lililonse ndinkawatsamilitsa agogo anu pamapilo pafupi ndi zenela, ndipo ankapemphela nafe ali pomwepo. Ndikabwela ankandiuza ulaliki wonse, ngakhale pamene ine ndinawodzela.

Apa ndiye pamene nzelu zanga zinandipusitsa. Mukuiona balani ya fodya iyo, ndi kashedi kamene kanatsamila khoma la kung'anjo? Miyezi youmitsa fodya moto suzima m'menemo, ndipo khomalo limatentha moti sungaligwile nthawi yaitali. Nthawi imeneyo ndi ya mvulanso, m'nyumba monse chinyezi, zovala kununkha nkhungu. Ndinati ampu ya mpingo isafe ndi chinyezi ili m'manja mwanga, ndiye ndinaikonzela kathandala m'kashedimo, kugunda khoma lotenthalo, pamene ndinkaumitsa majombo anga. Ndinkaifunditsanso bulangete. Ndinachita zimenezo nyengo zitatu za fodya, ndikudzitama mumtima kuti palibe wosamala ngati ine.

Chaka chachitatu ampu ija inayamba kung'ung'udza. Poyamba zinali pang'ono, tinkati ndi jeneleta. Lamulungu lililonse phokosolo linkakula, mpaka mawu a abusa anayamba kumila. M'tchalitchi tinkamvabe chifukwa munthu ali pafupi, koma kunyumba kuno kunkafika phokoso lokhalokha. Tsiku lina nditabwela ndinafunsa agogo anu kuti ulaliki unali bwanji. Anati sanamve kanthu, anangomva ngati wina watsegula chigayo pazenela.

Pasaka inali itatsala mlungu umodzi, ndipo amayi ankakonzekela nyimbo imene agogo anu anawaphunzitsa kalekale. Agogo anuwo anali atayamba kukana chakudya, kaphala kokha masipuni atatu. Lolemba m'mawa ndikuwapukuta kumaso anandigwila dzanja, n'kunditchula monga mwa nthawi zonse m'chilankhulo cha kwathu kuno, kutanthauza atate a Temwa.

“Awiske Temwa, Pasaka ya chaka chamawa sindidzaiona. Ndikufuna ndimve iyi.”

Ndinayesa kuwatsutsa, anangondiyang'ana, ndipo ndinasiya. Madzulo ake ndinakumana ndi akulu anzanga. Ena anati titumize ampu ku Chipata, koma tonse tinkadziwa kuti ikapita kumeneko ibwela Pasaka itadutsa. A Gondwe ndi amene anandifunsa kuti nanga mwana wanu uja bwanji. Lachiwili m'mamawa ndinaimanga ampuyo panjinga, ulendo wa ku Boma.

Temwa atandiona anadzuka n'kugwada pang'ono. “Monile adada.” Anafunsa za amayi ake, ndinamuuza zonse, ndi mawu aja omwe. Anangochotsa wailesi ya munthu wina patebulo n'kuikapo ampu.

Mukanaona m'mene amagwilila nchito munthu uja. Atatsegula chivundikilo sanathamangile kugwila kanthu. Anatenga kababu kokhala ndi mawaya awili n'kugunditsa mawayawo pa tizitini tiwili timene tinaima pafupi ndi chitsulo cholemela cha magetsi, kababu n'kuyaka pang'ono n'kuzima. Anati tizitini timeneto ndi makapasita, ndipo amasunga magetsi ngakhale chinthu chitazimitsidwa, moti ukawagwila mwaphuma amaluma. Anandifotokozela kuti magetsi amalowa mu ampu modukizadukiza, ngati madzi a pamjigo, ndiye kapasita ndi dilamu limene limadzaza n'kumapeleka madzi mosalekeza. Dilamu likaphwa, kudukiza kuja kumamveka m'masipika, ndiko kung'ung'udza kumene tinkamva. Anandionetsa pamwamba pake. Onse awili anali atatupa, ndipo m'munsi mwa imodzi munali zouma zofiilila.

Anati m'kati mwake mumakhala pepala lonyowa ndi mankhwala, ndipo chimene chimaumitsa msanga ndi kutentha. Kenako anandifunsa kumene ndimaisunga. Ndinamuuza monyadila, za kathandala, za khoma, ndi bulangete lomwe. Iye anayang'ananso makapasita otupa aja.

“Adada, mwakhala mukuiumitsa pamodzi ndi fodya.”

Sanaseke, ndipo sanauzepo munthu mpaka lelo. Amene ndikuulula ndine.

Vuto linali lakuti makapasita aakulu chotelo analibe. Akanaitanitsa ku Lusaka pa basi, koma sankakhulupilila kuti afika Lamulungu lisanakwane. Anandilembela papepala zinthu zitatu zoti ziyang'anidwe. Choyamba nambala ya kuchuluka kwa magetsi amene kapasita imasunga, 10000. Chachiwili mavoliti, 63, ndipo anadula mzele pansi pake, anati kupitilila apo n'kololedwa koma kuchepela ayi, ngakhale pang'ono. Chachitatu nambala ya kutentha kumene imapilila, 105, osati 85. Anati afunsa anzake a nchito, ine ndipumule. Koma ine kupumula ndinakutenga kuti? Ndinatenga kapepala kaja n'kuyamba kuzungulila msika ndekha.

Ndinawapeza kwa munthu wina amene ankagulitsa mafoni, matochi ndi tizida ta magetsi. Anali atsopano, onyezimila, aatali kuposa akale aja. Ine posankha ng'ombe ndimayang'ana chifuwa, ndiye ndinati awa ndiwo. Komabe ndinavala magalasi n'kuwelenga bwinobwino, nambala zonse zitatu zinalipo monga papepala. Ndinabwela nawo ndikuyenda ngati mnyamata, n'kuwaika patebulo pake.

Temwa anawelenga manambala, anagwedeza mutu kuvomeleza. Kenako anaika yatsopano m'dzanja limodzi, yakale yakufa ija m'dzanja lina, n'kumaziyeza. Lusungu, tola nshawa iyo, yaikulu bwino iyo. Wamva kupepuka kwake? Usanaiswe wadziwa kale kuti mulibe kanthu. Ndi zimene anachita azakhali anu. Yatsopano ija anaigwedeza pafupi ndi khutu, anaiyeza ndi mita yake, ndipo anati saika.

Ana inu, ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti manambala ndi omwe analemba yekha. Ndinamuuza kuti sitikufuna za zaka khumi, tikufuna tsiku limodzi lokha, Lamulungu limodzi. Ndinamukumbutsa kuti ndine atate wake, ndipo ndinafika ponena kuti ndikanadziwa ndikanapita kwa mwamuna wodziwa nchito. Mawu amenewo amandiwawabe. Anthu a matebulo oyandikana anasiya zimene ankachita n'kumatiyang'ana. Iye anaimilila manja ali kumbuyo monga ndinamulelela, ndipo analankhula motsitsa mawu.

“Adada, ndikaika awa adzaphulika nyimbo ili pakati, ndipo chimene Amama adzamve ndi kuphulikako. Ndikalipileni m'mene mungafunile, koma sindiika.”

Atatelo anatenga kasowo kodulila zitsulo n'kudula imodzi pakati. Chitini chonsecho chinali chopanda kanthu. Pansi pake anamatapo kakapasita kakang'ono ngati chala changa chaching'onochi, ndipo pa iko panalembedwa mavoliti 35 okha, osati 63. Ndinayang'ana, ndinayang'ananso. Ndinafuna kupita kukamenya wogulitsa uja, koma Temwa anati mwina nayenso sakudziwa, amangogula m'makatoni. Anandiuza kuti ndibwelele kunyumba ndikakhale ndi amayi ake, zotsalazo ndimusiyile. Ndinakwela njinga yopanda katundu, ndipo njila yonse sindinapatse munthu moni.

Zimene anachita pambuyo pake ndinazimva kwa iye mwini ndi kwa ena. Mlungu wa Pasaka ndi umene anthu amabweletsa masipika awo kuti akonzedwe chifukwa cha maphwando, koma iye anatseka tebulo lake. Anakumbukila kuti ku Mphamba kuli mlimi wina amene makina ake a magetsi a dzuwa, aja amati inveta, anapsa mbali imodzi, ndipo iye anali atawaonapo m'kati. Anabweleka njinga n'kupita. Mlimiyo analola kumupatsa chakufacho, iye n'kumukonzela wailesi m'malo mwake. Anachotsamo makapasita asanu. Iliyonse inali ya mavoliti 80 ndi kutentha 105, kutanthauza kuti mbali imeneyo anali olimba kuposa ofunikawo, koma posunga magetsi anali aang'ono, 4700 yekha. Anawayeza imodziimodzi, ina anaikayikila n'kuitaya, anatsala anayi.

Nzelu yake inali yakuti awili akalumikizidwa mogundana, mwendo ndi mwendo unzake, amasunga pamodzi, ndiye awili amafika pafupi ndi imodzi yaikulu ija. Choncho pamene panali imodzi anaikapo awili, mbali zonse ziwili. Pamalo pake sankakwana, ndiye anadula kathabwa, anawamangililapo, n'kulumikiza ndi mawaya aafupi onenepa. Kapasita iliyonse ili ndi mzele m'mbali wosonyeza mwendo umene uyenela kupita kuti, ndipo ukaitembenuza imaphulika. Anandiuza kuti anayang'ana mizele imeneyo katatu asanawotchelele. Poyatsa koyamba anadutsitsa magetsi m'babu, kuti ngati walakwitsa penapake babu liwale kwambili m'malo moti ampu ipse. Lachisanu lonse anaisiya ikuimba pamsika, iye akuika dzanja pamwamba kumva ngati ikutentha. Loweluka masana anafika nayo pa minibasi, kuchokela pamsewu anaisenza pamutu.

Ine ndinali ndisanaonepo munthu wokana chinthu chooneka bwino chifukwa choti dzanja lamuuza zina, atate ake akumukalipila pagulu. Ndalima fodya moyo wanga wonse, ndimadziwa kusankha tsamba, koma kusankha kotelo ndinakuona kwa mwana wanga. Ndimamunyadila, ndipo ndinachedwa kwambili kunena zimenezo.

Lamulungu la Pasaka sindinapite ku tchalitchi, koyamba chikhalileni mkulu wa mpingo. Temwa ndiye anapita kukalumikiza zonse, ine ndinatsala ndi agogo anu. Ndinawasambitsa kumaso, anapempha duku lawo loyela, ndinawamanga molakwika, anakonza okha. Ndinawatsamilitsa pazenela. Patapita nthawi tinamva kajeneleta kakulila chapatali. Ndinatchela khutu ku sipika ya mumtengo, koma kunali zii. Ndinali nditazolowela chigayo chija moti ndinaganiza kuti ampu yafelatu. Sindinathe kuwayang'ana agogo anu kumaso.

Kenako tinamva abusa akutsokomola, pafupi ngati ali pakhonde pathu. Tinamva ngakhale pepala la buku likutembenuzidwa. Agogo anu anatseka maso. Anamva pemphelo, anamva mawu a m'Baibulo, ndipo itafika nthawi ya amayi, nyimbo yawo ija inalowa pazenela yoyela bwino, mawu apamwamba ndi apansi onse padela. Milomo yawo inkatsatila, chala chikumenya pabulangete. Ine ndinayang'ana kudenga chifukwa maso anali atadzaza.

Pa vesi lachiwili chala chinaima. Ndinachita mantha, ndinawagwila paphewa. Anatsegula maso atakwinya nkhope.

“NyaMtonga akuthamanga. Akuwakoka anzake onse. Pitani mukawauze.”

NyaMtonga anali mayi amene anatenga malo awo potsogolela kwaya. Ndinaseka misozi ili m'masaya, ndinati ndidzawauza mapemphelo akatha. Anati ayi, tsopano lino, nyimbo imeneyo siimbidwa ngati anthu akuthawa mvula. Ndiye ndinapita, ana inu. Nkhalamba ine ndinadutsa m'munda mwa a Gondwe ndikuthamanga, opanda jekete, mapazi ali matope. Ndinafika pakhomo la tchalitchi amayi akungomaliza, anthu onse n'kutembenuka. Ndinaona Temwa atakhala pakona pafupi ndi ampu, dzanja lili pachivundikilo, akundiyang'ana ndi mantha poganiza kuti ndabweletsa uthenga wina uja. Ndinanena mokweza kuti aNyaZimba amva zonse, koma akuti mwathamanga, muyambilenso.

Anthu anaseka. NyaMtonga anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anayang'ana abusa, abusa anagwedeza mutu kuvomeleza. Amayi aja anatembenuka onse kuyang'ana mbali ya kunyumba kwathu, ngakhale panali khoma, n'kuyambanso pang'onopang'ono.

Ndinabwelela ndikuthamanganso kuti ndisaphonye. Ndinalowa kuchipinda ndili wefuwefu, ndikufuna kuwafotokozela m'mene zinayendela. Chala chinali chitayambanso kumenya pabulangete. Sanatsegule maso, anangondikodola ndi dzanja linalo.

“Tsopano akuimba. Khalani pansi awiske Temwa, mukundisokoneza ndi kupuma kwanuko.”

Ndinakhala pansi pambali pawo, ndipo tinamvela limodzi mavesi onse anayi. Anatisiya m'nyengo yozizila ya chaka chomwecho.